Ndinati Angotopa Pang'ono

Ntchito yanga yoyamba ku Dublin anandipezera ndi Anti Mercy, mayi wa ku Zambia amene tinkapemphera nawo limodzi ku Santry. Inali nthawi ija chuma chinagwa chagada, eni dziko akulimbirana ntchito yokolopa. Tsiku lina titaweruka kutchalitchi anandikokera pambali. "Mwana wanga, ku Skerries kuli nkhalamba ifuna woisamalira. Usachite manyazi, pita."

Nkhalambayo inali Bambo Dermot, odwala mtima ndi mapapo. Ndinaphunzira kuwakweza pabedi ndi hoyisiti, makina onyamulira odwala, kuwatembenuza maola awiri alionse kuopa zilonda, ndi kuwapana chala ndi kachipangizo koyeza mpweya m'magazi. Manambala ake ndinkalemba m'buku limene supavaiza wathu ankaliona Lolemba lililonse.

Akuluwa misala yawo inali mbalame. Akadali ndi mphamvu, nthawi yozizira ankapita kumapiri a ku Austria kukatsetsereka pa sinoo, chipale chofewa chija, koma mwana wawo Orla ankati kutsetserekako chinali chonamizira chabe. Ankangokhala panja pa kanyumba kodyera pamwamba pa phiri, kudikira timakwangwala ta milomo yachikasu ndi miyendo yofiira. Ine ndinkaseka chamumtima: kukwera ndege kukaona khwangwala, chikhalirecho kwathu timamugenda!

Chaka chimenecho Orla anapita yekha ndi ana ake, atalonjeza kuti akajambula mbalamezo. Ankaimba masana alionse, ine n'kuwagwirira bambo ake foni pakhutu. Ankamvetsera maso ali tsinzi, akumwetulira.

Lachinayi m'mawa anakana phala. Milomo inada, nambala ya mpweya ikungotsika. Adokotala atawapima anandiitanira kukhitchini. "Kwatsala masiku ochepa, mwina maola. Iwo anasankha kale kukhala pakhomo. Uwauze abale lero."

Masana foni inalira.

"Dad ali bwanji?" anafunsa Orla, mphepo ikuwomba kumbuyo kwake.

"Angotopa pang'ono," ndinatero. "Mukanabwerako zikanakhala bwino."

Sindinaname, ndinalankhula monga anandilerera. Kwathu ku Dedza munthu ali kutali sumumenya ndi uthenga woterowo pakhutu, ali ndi msewu woti ayende, ali ndi ana. Umangoti abwere, ndipo aliyense akamva zimenezo amayamba kulongedza chikwama misozi ili m'maso. Koma Orla anamva zimene ndinanenazo basi.

"Usadandaule, Saturday tikubwera. Uwauze kuti lero mbalame zija zinatera zisanu, ina yandilanda tchipisi m'manja!"

Ndisanawonjezere kanthu, foni inaduka. Kenako ndinawanong'oneza akuluwo za mbalame yakubayo, koma sindikudziwa ngati anamva.

Madzulo supavaiza anandifunsa zimene ndinamuuza Orla. Nditabwereza, anati: "Muimbirenso pompano. Utchule mawu oti akumwalira."

Ndinamuimbiranso Orla n'kuwatchula. Koma ndege ya tsikulo inali itanyamuka kale, ndipo Lachisanu kunagwa sinoo wambiri ku Dublin, bwalo la ndege n'kutsekedwa. Tsiku lonselo ndinkangowanyowetsa milomo ndi kathonje, n'kumayang'ana pawindo ngati ndingathe kuimitsa sinooyo. Anatsirizika cha m'ma 3 koloko masana, dzanja lawo lili m'dzanja langa, ine mlendo wongowadziwa miyezi inayi.

Orla anafika Lamlungu. Sanakalipe, ndipo zikanandipepukira akanakalipa. Anangondifunsa motsitsa: "Bwanji sunandiuze nthawi yoyamba ija?"

"Ndinakuuzani," ndinayankha, n'kuzindikira pomwepo kuti kwa iye sindinanene chilichonse.

Ntchitoyi ndikuigwirabe. Ndaimbira abale a odwala ambiri, ndipo lilime limakanabe ngati kale. Koma ndimayamba ndi mawu olemerawo, ulemu n'kubwera pambuyo, chifukwa ulemu wanga unamana munthu kutsanzikana ndi bambo ake.