Diresi Limodzi Lokha Dziko Lonse

Ndakalamba ndikukhulupirira kuti zovala za kaunjika ndi za azungu akufa. Musaseke, sukulu ndinaisiya aphunzitsi atangoyamba masamu ogawa. Mkazi wanga amagulitsa kaunjika pamsika wa ku Chia, ndipo akamadula mawaya a belo ine ndinkachita dua chamumtima, kupepesa eni zovalazo. Tsiku lina m'belo munatuluka makabudula ofanana mulu wonse, atsopano, timapepala tili lendelende. Ndinagwira pakamwa. Ndinati basi, timu yonse ya mpira yathera pangozi.

Anandimasula ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amanyamula makatoni a zovala pasitolo ina ku Joni. Atabwera kudzadya Idi ndinamuuza za timu ija, ndipo anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

"Amalume, sanafe munthu. Kumeneko fasho imasintha mwezi usanathe. Amasoketsa zambirimbiri kumayiko akutali, mothamanga, ndipo zikachedwa pashelefu amazichotsa kuti zatsopano zilowe. Zina zotsalazo ndi zimene zimakupezani kuno."

"Ndiye ife timavala mkute?"

"Mkute weniweni. Koma kuli masitolo a anthu olemera. Amenewo amasoka zochepa dala. Ukafuna chikwama amati dikira, mwina chaka chamawa. Umadikira, umalipira modula, n'kuthokozanso."

Mawu amenewo anandikhala pakhosi ngati munga wa chambo. Kumukaniza munthu katundu, iye n'kukuthokoza! Ndinaona kuti mkazi wanga wakhala akuchita malonda mosadziwa zaka zonsezi.

Mpata unapezeka iye atapita kukadwazika mayi ake ku Kanyenda. Anasiya belo longotsegula kumene, muli madiresi achikasu ataliatali, maluwa pachifuwa, onse ofanana ngati usipa. Iye ankati akabwera adzawagulitsa pamodzi kwa gulu limodzi la amayi, ngati yunifolomu ya pachikondwerero. Ponyamuka anandiloza chala.

"Inu bambo, ntchito yanu n'kukhala pabenchi. Makasitomala angawa ndawalera ngati anapiye. Makamaka mayi a golosale aja, mwana wawo akukwatiwa posachedwa, musawakhumudwitse. Ana awo onse ndimawaveka ndine."

Minibasi isanazimiririke, ine madiresi ndinali nditawalowetsa kale pansi pa bedi. Ndinatenga limodzi n'kukalipachika pansungwi.

Mayi woyamba kulikhudza ndinamunong'oneza: "Achemwali, limeneli si kaunjika wamba. Anasoka limodzi lokha dziko lonse, telala wake n'kupuma ntchito. Mukagula mulibise mpaka tsiku la ukwati wa kugolosale uja, angakubereni sitayilo."

Analikulunga m'chitenje ngati wagula mankhwala achikondi. M'mawa mwake ndinapachika lina. Telala uja tsiku lina anapuma ntchito, tsiku lina anachita khungu, tsiku lina makina ake anapsa ndi mphezi. Ndinagulitsa kwa akuchimuna, ndinagulitsa kwa akuchikazi. Ndinagulitsanso kwa akazi awiri a mwini makoka wina wa ku Ngala, amene sapatsana moni ngakhale pamaliro.

Kenako anabwera mayi a golosale, mayi a mkwatibwi. Anati anaona kachikasu kali pansungwi dzulo lake. Apa ndi pamene ndinatulutsa nzeru yaikulu ya mphwanga.

"Latha, mayi. Mwina chaka chamawa."

Chonsecho limodzi linalipo pansi pa bedi. Ndinkati abwera mawa akupempha, ine n'kuwakomera mtima. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kuti zikomo, ulendo. Ndinawadikira pabenchi mpaka msana kuwawa. Sanabwere.

Mkazi wanga anafika m'mawa wa tsiku la ukwati, n'kungosamba, tonse ulendo. Nika, mwambo womanga ukwati, itatha kumzikiti, anthu anasonkhana pabwalo la sukulu kuti kuyambe kufupa. Kachikasu kanatulukira kumpanda, kakuyenda monyada. Kena kanatulukira kuseri kwa kalasi. Kena kanatsika pakabaza. Posakhalitsa bwalo linali ngati munda wa mpendadzuwa, mpendadzuwa uliwonse ukuyang'ana unzake ndi diso lofiira. Akazi awiri a ku Ngala aja anakumana pakhomo penipeni, n'kuima ngati munthu ndi galasi.

Woyendetsa mwambo sanadziwe kanthu. Anakuwa pachimkuzamawu: "Eee! Amayi a yunifolomu yachikasu, mwatidzidzimutsa! Kutsogolo nonse, nyimbo yanu imeneyo!"

Anavina. Sindinaonepo anthu akuvina ndi chiuno chokha, nkhope zili kumaliro. Ine ndinayamba kupuma bwino, ndikuti zapita. Basi munthu uja n'kuwonjezera:

"Koma mayi a mkwatibwi, yanu yunifolomu ili kuti? Anzanu sanakuuzeni?"

Mayi aja anali atavala zobiriwira, okha pakati pa chikasu, pa ukwati wa mwana wawo yemwe. Kwa iwo zinaoneka ngati mudzi wonse unapangana kuwasala, ndipo wogulitsa zovala ndiye anasunga chinsinsi. Anayang'ana mkazi wanga. Mkazi wanga anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana mbendera ya sukulu.

Achikasuwo pofika masana anali atayamba kuseka, poti zithunzi zinatuluka bwino. Akazi a ku Ngala anagwirizana koyamba chikwatiwire: onse anati ndine wabodza. Koma mayi a golosale anadutsa mkazi wanga ngati akudutsa chitsa.

Kunyumba mkazi wanga sanandikalipire, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Anagwada, n'kusolola diresi lotsala lija pansi pa bedi, n'kulikung'untha fumbi. Anakoleza makala a simbi, analisita bwinobwino, n'kuliika pamiyendo panga.

"Mawa mukalipereke nokha kugolosale, chipewa chili m'manja, ndipo mukafotokoze zonse. Muwauzenso kuti latsala limodzi lokha. Mukamveko mmene zimakhalira kunena zoona."