Bambo a Galimoto Yofiira ndi Kabatani ka Amantha

Bambo a nyumba ya pakona sayendetsa galimoto ngati anthu wamba. Iwo amati amaiweta. Galimoto yawo yofiira, yotsika ngati ikununkhiza msewu, ndiyo imadzutsa aneba onse m'mawa. Posintha magiya amapendeketsa mutu ngati dokotala womvetsera mtima wa wodwala. Mpikisano wa magalimoto ukamaonetsedwa pa kanema, amakalipira akatswiri oyendetsawo, iwo ali pampando: "Wachedwa kulowetsa giya yachitatu, mwana uyu!"

Mdani wawo wamkulu ndi kabatani koletsa matayala kuterereka. "Aka n'ka amantha," amatero, n'kukazimitsa asanatuluke pageti.

Loweruka lina mvula itangokata, ananyamula apongozi awo aakazi kupita nawo ku ukwati. Pofuna kuwaonetsa mphamvu za injini, anaponda moto pokhota. Matayala akumbuyo analira, galimoto inazungulira ngati nguli, n'kukaima m'ngalande itayang'ana komwe inachokera.

Bambowo anayamba kudandaula za omwe anakonza msewuwo.

Apongozi anawongola chipewa chawo, natsegula chitseko mwaulemu.

"Zikomo bambo, luso lanu ndaliona. Kwatsalaku ndiyenda wapansi. Anandiitanira ukwati ine, osati maliro."