Mlomo wa mchimwene wanga

Fungo la fodya wouma m'chigafa limandibwezera kwathu, m'mapiri a ku Ntchisi, chaka chimene amayi anabereka mchimwene wanga. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Masana onse tinkasoka fodya, manja ali nakanaka ndi utomoni, ndipo m'nyumba munkamveka kulira kosasa mawu. Mwanayo anabadwa ndi mlomo wam'mwamba wong'ambika mpaka m'kamwa. Bere linkamukanika, mkaka unkatulukira m'mphuno, choncho amayi ankafinyira pasipuni n'kumamudonthezera.

Amayi atatuluka m'chikuta, azakhali, alongo awo a bambo, anabwera kuchokera ku Nachisaka kudzamutcha dzina. Kwathu dzina silibwera lokha, limayamba ndi kugawana nkhope ya khanda ngati nyama ya paukwati. Anamuvundukula pang'onopang'ono. Chipumi anati n'chawo, maso otalikirana ndi awo, mphuno yotambalala ndi ya bambo yeniyeni. Atafika pamlomo anamuvundikiranso.

"Izi kwathu kulibe. Mlamu, munaseka ndani muli ndi pakati?"

Amayi anazyolika. Koma ine, kamwa yosagwira mawu, ndinafuna kuoneka wodziwa zinthu. Ndinati ku msika wa ku Kasakula kunagwa bambo wina wotsimphina, ndipo amayi anaseka. Zinali zoona. Msika wonse unaseka, ine ndiye koposa.

Azakhali anabwerera ndi dzina lawo. Patangopita sabata bambo anawatsatira, fodya akadali m'chigafa. Mwana tinkangomuti Mwana, ndipo tinamuika m'manda chimanga chisanaume. Amayi sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo mpaka lero zimenezo ndi zimene zimandipweteka.

Pa nthawiyo ndinkakhulupirira kuti chiseko chimalowa m'mimba n'kung'amba mwana. Nditakula, namwino wina wa kusikelo anandifotokozera kuti nkhope imalumikizana mwana akadali kakang'ono m'mimba. Zakumtundu zimene zimaumba mphuno ndi masaya athu tonse ndi zomwezo zimene nthawi zina zimasiya mlomo wosakumana. Zingachokere kuchimuna kapena kuchikazi, ndipo masiku ano madokotala amasoka.

Ndinakwera basi kukawauza amayi. Anamvetsera mpaka kumapeto akusenda mtedza, kenaka anapukusa mutu.

"Iyayi mwanawe, ndinasekadi. Suja unaona wekha?"

Anamwalira akukhulupirirabe zimenezo, ndipo mboni yawo ndinali ine.