Udzu wopanda fumbi

Amuna anga anabwera kuchokera ku Joni ndi sutikesi yachitsulo, bulangete lofiira, jekete ndi chifuwa. Musutikesi tinkasungamo nyemba, bulangete tinkafunda, koma chifuwa chija chinakana kuchoka. Munthu amene ananyamuka pa Mlangeni akusenza thumba la kachewere osapumira anabwera woti akalima theka la mzere aime, manja m'chiuno, kufunafuna mpweya. Anati ndi fumbi la mumgodi. Inali nthawi ija asilikali anali atangobwerako kunkhondo.

Khasu ndinalitenga ine, ndipo sindinadandaule. Chimene chinkawadya mtima iwo chinali ndiwo. Mwana wathu wamkazi anali atangoleka kuyamwa, timiyendo ngati bango, ndipo m'mbale mwake munali mfutso lero, mfutso mawa. Ankamuyang'ana akudya, kenako n'kuyang'ana kumbali. "Ndine bambo wanji ine, mwana wosadziwa zankhuli?" ankatero chapansipansi.

Tsiku lina anapita kwa mnzawo wa ku Nzama atavala jekete ija, n'kubwerako opanda jekete, atanyamula kadengu. M'kadengumo munali mbira ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. Ndinapsa mtima zedi. "Jekete yonse ija mwagula makoswe opanda mchira?" Iwo anangoseka, kuseka kuja n'kusanduka kutsokomola, ndipo nditawapatsa madzi anapita kukaumba kakhola kadothi pangodya ya khitchini.

Achimwene anga ankacheka matabwa kuphiri. Atamva kuti mbira yaikazi ili ndi bere, anabwera ndi thumba la utuchi kuti tiyale m'kakholamo. Aliyense anayamikira, poti utuchi ndi wofewa, ndi wofunda, ndiponso umamwa mkodzo. Amuna anga anaufinya m'manja, nkhope n'kusintha, koma iwo anali mkamwini pamudzi pathu. Mkamwini wosatha kulima akanenso mphatso ya mlamu wake? Anawomba m'manja n'kuthokoza, utuchi n'kuyalidwa.

Tiana tinabadwa tiwiri, taubweya kale, maso ali gwa. Sabata isanathe tinayamba kuyetsemula, kenako kukana kudya. Ndinawapeza amuna anga atagwada, kamodzi atakagunditsa kukhutu.

"Mayi a mwana, tabwerani mumve."

Ndinatchera khutu. M'kachifuwa kangati chala chachikulu munkalira kamluzu kamene ndinkakamva tsiku ndi tsiku pamphasa yathu.

"Kakupuma ngati ine," anatero.

Tiana tonse tiwiri tinafa. M'mawa mwake amuna anga anakokolola utuchi wonse, n'kuubweza m'thumba, n'kulikoka mpaka pakhomo pa achimwene, akupumira m'njira. Ndinawatsatira mtima uli m'mwamba, poti achimwene anga sankachedwa kulusa. Iwo anakhala pansi mwaulemu wonse n'kunena kuti, "Alamu, munachita bwino kutiganizira. Koma fumbi ndi limene landimaliza ine, ndiye sindingaliyalirenso chinthu chopuma." Achimwene analandira thumba lawo osalusa. Ineyo tsiku limenelo ndinawanyadira amuna anga kuposa tsiku limene anandikwatira.

Kuyambira pamenepo pakhomo panalowa milandu ya udzu. Tsekera anamukana, akuti ndi wolimba, angabaye tiana m'maso. Makoko a chimanga akuti amasunga chinyezi n'kuchita chuku. Mankhusu a mawere anangowauzira kamodzi, n'kupukusa mutu. Udzu wa kuseri kwa khola la nkhuku sanaukhudze n'komwe chifukwa cha utitiri. Anzawo ankawaseka pabwalo kuti abwera ndi ukapitawo wa ku Joni kudzalamulira makoswe. Iwo ankaseka nawo limodzi, n'kumapitiriza kufunafuna.

Umene anaukonda unali udzu waufupi, wofewa, womera m'mphepete mwa dambo. Ankaumweta ndi zenga mame atauma, n'kuuyanika pathandala, osati pansi. Ukauma ankaununkhiza, kenako n'kubwera nawo pakhomo la khitchini, paja dzuwa la m'mawa limalowa ngati ndodo. Ankaugwedeza m'kuwalako. Tifumbi tikavina, udzuwo unkapita kwa mbuzi.

Mbira ija inatenganso bere m'miyezi yachisanu, ndipo ndi nthawi yomweyo imene miyendo yawo inalephera kufika kudambo. Ntchito inagwera ine. Ndinkabwera ndi mtolo nditatopa, iwo ali pampando pakhomo la khitchini atafunda bulangete lija, n'kutapako dzanja limodzi, gwede gwede padzuwa.

"Munautula pansi m'njira, eti?"

"Ndinangoutula pang'ono pomwa madzi."

"Pepani mayi, wa mbuzi uwu."

Ndinaponya nkhata uko. "Kodi mukuyalira bwanamkubwa? Ine ndinabadwira pachikumba, ndipo ndili moyo!"

Iwo anayang'ana mwana amene ankasewera pakhonde, n'kunena kuti, "Mbira yaikazi ndi imodzi yomweyi, ndipo jekete ina ndilibe." Ndinatola nkhata yanga n'kubwerera kudambo, ndikung'ung'udza njira yonse, koma mtolowo sunagunde pansi.

Ulendo uno tiana tinabadwa titatu. Tsiku lomwelo tinali titayamba kale kuthamangathamanga m'udzu ndi kudya masamba a mbatata. M'mawa uliwonse amuna anga ankatinyamula kamodzikamodzi kukhutu, ine nditaima ndi chipande m'manja kudikira chigamulo. "Muli zii," ankatero, nkhope ikuwala. Pofika nthawi yososa, m'khitchini munali kwii kwii kwii munthu akangogwedeza tsamba.

Yoyamba kupha sanalole kuti ndiigwire. Anaiwawula okha, anaitumbula okha, n'kuiphika ndi mchere ndi katomato. Anamukhazika mwana pamwendo n'kumamunyemera kanyama pang'onopang'ono. Mwana anadya mpaka mafuta m'masaya, kenako n'kutambasula dzanja kufuna ina. Ndinawauza kuti alaweko. Anati akhuta, ndipo ndikhulupirira sananame.

Mvula itayamba anagona osadzukanso. Mphasa inkawapweteka mafupa, choncho ndinaganiza zowasokera thumba la udzu. Ndinapita kudambo mame atauma, ndinayanika pathandala, ndipo m'mawa wina ndinatsegula chitseko cha nyumba kuti dzuwa lilowe. Ndinatapa dzanja limodzi n'kugwedeza m'kuwala muja, iwo akundiyang'ana ali chigonere. Sipanavine kanthu.

"Umenewo ndiye udzu, mayi a mwana," anatero. "Yalani."

Anatisiya ali pa udzu umenewo chimanga chisanamasule. Pamene ankatsirizika, mwana anali pakhomo atagwira kamwendo ka mbira, akudya.