Mwala wa Buluu Pansi pa Bedi

Chaka chimene anatichotsa ntchito ku fakitale, ufa unkapezeka pamzere pokha, ndipo sopo tinkamudula ndi ulusi kuti akhalitse. Ine ndi mkazi wanga tinkachita lendi kachipinda kamodzi ku Kanyama, kumene mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba osaodira. Iye ankakazinga zitumbuwa pa siteji ya maminibasi, ndipo ndizo zinkatidyetsa. Ine ndinkangoyenda ndi jekete ngati munthu wokhala ndi kopita.

Msuweni wanga, amene ankakumba miyala ku Lundazi, anabwera ndi mwala umodzi kuti ndimusungire mpaka mtengo utakwera. Anati tidzagawana. Unali akwamarini wa msinkhu wa chala chamanthu. Yambiri imakhala yotuwa ngati madzi a m'botolo, koma uwu unali wa buluu wozama, mtundu umene ogula a ku West Africa, amene tinkawatcha Masenesene, ankausaka tauni yonse.

Msuweniyo anandisiyira malamulo. Ndiukulunge m'thonje, ndiziupaka mafuta a mwana kuti ming'alu isaoneke, usagundane ndi chitsulo, usakhudze madzi otentha. Kenako anatsitsa mawu nati mkazi amene ali kumwezi asagone m'chipinda muli mwalawo, apo ayi buluu amathawa.

Ine sukulu ndinapitako, ndipo kutchalitchi ndinkaimba kwaya. Koma ndinali ndi njala ndiponso manyazi, moti ndinameza zonse osatafuna. Mwala ndinauika m'kachitini pansi pa bedi, ndipo mwezi uliwonse mkazi wanga ankapinda mphasa yake n'kukagona kwa mayi wina wamasiye wogulitsa makala, nyumba yoyandikana nafe. Sanatsutse. Anangofunsa ngati mwalawo umalipira nawo lendi, ine n'kuseka ngati ndi nthabwala.

Chimene sindinaganizire n'chakuti tinali titakhala zaka zambiri m'banja popanda mwana. Ku komboni makoma alibe chinsinsi. Mphasa ija ikatuluka pakhomo, mzere wonse wa nyumba unkadziwa kuti mwezi unonso palibe kanthu. Amayi pampopi ankamumvera chisoni mokweza mawu, ena n'kumamulozera kwa asing'anga. Chimene iye ankalira mobisa, ine ndinachisandutsa chilengezo. Ndikakumbukira, mpaka lero nkhope imanditentha.

Ndiye unafika mwezi wina, mphasa sinatuluke. Wotsatira wakenso chimodzimodzi. Ine amene ndinkatsata masiku ake kuposa mwini wake ndinayamba kumukayikira kuti watopa ndi lamulo ndipo akundibisira. M'mawa wina ndinatulutsa mwala, n'kuuyang'ana pakhomo. M'maso mwanga unaoneka wotuwa. Mwina unali mtambo chabe, sindikudziwa. Iye anali atagwada pambaula akutenthetsa mafuta, ndipo ndinamukalipira anthu akumva.

"Iwe, ufuna tife na njala? Miyezi iwiri sunayende kukagona kwa bamayo amakala. Ona mwala watuwa."

Sanadzuke. Anatsitsa poto, napukuta manja pachitenje.

"Kanshi mumapenda bwino," anatero. "Mwapenda miyezi, mwapeza iwiri. Na chamene chabwera mu mutu mwanu ni mwala."

Ndinaima pamenepo ndi thonje m'manja. Mayi wamakala uja, amene ankasesa pakhomo pake, anamva tanthauzo lake ine ndisanamve. Anaponya tsache, nathamangira kudzamukumbatira. Ine sindinapepese n'komwe.

Tsiku lomwelo mkazi wanga anatenga poto wake ndi zovala, napita kwa mkulu wake ku Matero. Mimba yonse anakhalira komweko. Ndikapita kukamuona ankandilandira mwaulemu ngati mlendo, n'kundipatsa mpando panja. Msuweni anadzatenga mwala wake, ndipo Msenesene amene anaugula sanadandaule za mtundu ngakhale pang'ono. Gawo langa linakwana kabulangete ka mwana ndi thumba la ufa.

Mkazi wanga anabwerera mwana atayamba kukhala pansi, ndipo tili limodzi mpaka pano. Nkhani ya m'mawa uja sanaitchulepo.

Mwana wathu wamkazi tsopano ndi mayi wa ana ake. Ali woyembekezera koyamba anafunsa amayi ake, ine ndili pomwepo, kuti atate anatani atamva kuti iye akubwera, pambuyo podikira zaka zonse zija.

"Anakondwa maningi," anayankha mkazi wanga, osandiyang'ana, akupitiriza kusadzula ndiwo.

Mwana wanga anandigwira dzanja akumwetulira, ndipo ine ndinamulola.