Chiwongolero sichikubwereranso, ababa

Lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni, ababa. Mmawa uno ndinaliza kagalimoto kanu kofiira kaja, ka mipando iwiri, kamene munakatola kali kotayidwa ku Cuamba n'kukaukitsa ndi manja anu. Ndakumbuka tsiku lija pa msewu wa ku Entre Lagos, titangokhota pakona, munati, "Rosa, siya chiwongolero." Ndinakana, ndinati mukufuna kundiphetsa. Munandichotsa manja nokha, ndipo chiwongolero chinabwerera chokha pakati. Munaseka mpaka kutsokomola. Kenako munaimitsa wanjinga wina wonyamula nsomba za ku Amaramba, n'kundionetsa foloko ya njinga yake. "Waona mmene yapendekera kumbuyoku? Chitsulo chimene tayala lakutsogolo limatembenukirapo chimafunika chotere. Ukachipendeketsa kwambiri, chiwongolero chimalemera. Chikaima chilili, galimoto imangoyenda ngati yaledzera." Ine ndinkangoti eya, eya, maso ali pa foni.

Mwezi watha ndinagwera m'dzenje ndi kagalimotoka, ndipo mekaniko wa pamsika anamasula zakutsogolo zonse. Timawashala tija munkatiika timodzitimodzi kuti chitsulo chija chipendekere bwino anatitaya, akuti n'zinyalala. Lero ndakhota pakona yomwe ija, ndasiya chiwongolero monga munandiuzira, kagalimoto kangolunjika m'munda wa chinangwa wa eni. Ndakhala momwemo n'kumalira, anthu akundiyang'ana. Ndafunsa amekaniko onse kuno ku Mecanhelas, aliyense akuti, "Mana, mlongo wanga, kakalamba aka, kagulitseni." Munandiuza kuti timawashala timakhala tingati mbali iliyonse, ababa. Munandiuza kawiri konse. Sindinamvere, ndipo palibenso woti ndimufunse.