Mpira Umene Sunandikhudze

Chaka chilichonse anthu akayamba kutentha tchire, fungo la lupsa n'kulowa m'nyumba, mtima wanga umagunda ngati ndaba kanthu. Pali chinthu chimene ndakhala ndikubisa kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amuna anga sachidziwa. Bambo anga, amene nkhaniyi imawakhudza kuposa wina aliyense, amaifotokoza mosiyana ndi mmene inachitikira. Ndinanama pamaso pa anthu a midzi iwiri, ndipo mpaka lero bodza limenelo anthu amalitcha chilungamo.

Inali nyengo yozizira kwathu ku Mualadzi, chimanga chili kale m'nkhokwe. M'minda munangotsala mapesi, mbuzi zikuyendamo mmene zifunira. Mmawa tinkapita ku shikola manja tili m'khwapa, milomo yosweka, miyendo yotuwa ngakhale amayi atatidzoza mafuta. Madzulo timaphulusa takuda tochokera kutchire tinkagwa pang'onopang'ono pa zovala zoyanika. Tinkayenda ndi masau m'matumba, n'kumalavulirana nthanga zake. Ntchito za kumunda zinali zitatha, ndiye ana tinali ndi nthawi, ndipo nthawi yonseyo inkathera pa bwalo la kuseri kwa shikola, tikusewera raundasi.

Masewerawa anabwera ndi makolo athu pobwerera kwawo nkhondo itatha. Mpira tinkapanga ndi sokosi yakale yodzaza nsanza, yomangidwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Wina ankauponya, iwe n'kuumenya ndi kathabwa, kenako n'kuthamanga kuzungulira miyala inayi. Ukafika pa mwala womaliza, gulu lako lapeza chigoli. Koma a gulu linalo akakugenda nawo mpirawo uli pakati pa miyala, ndiye kuti wafa, ukakhale pansi. Vuto linali lakuti amene anathawira ku Malawi anabwera ndi malamulo awo, amene anathawira ku Zambia anabweranso ndi awo. Ena ankati mpira ukakhudza chovala chokha sunafe, ena ankati wafa. Ana tinkangomvana. Akuluakulu ndi amene sankamvana.

Chaka chimenecho aphunzitsi anagwirizana kuti atsikana a shikola yathu azisewera Loweruka lililonse ndi a shikola ina ya mbali ya ku Nsadzo. Ife ankatiphunzitsa apulofesola Rosa, mayi wamfupi amene anakulira ku Malawi. Anzathuwo anali ndi a Sakala, aphunzitsi aatali amene anakulira ku Zambia, a mawu omveka mpaka ku mjigo. A Sakala ankayenda ndi kabuku kopanda chikuto m'thumba la malaya. Ankati malamulo onse a raundasi ali mmenemo, koma sanalole munthu aliyense kukawerenga. Ankangokatulutsa, kukamenya ndi chala, n'kukabwezera.

Aphunzitsiwo anasankha bambo anga kukhala woyimbira masewerawa, chifukwa iwo okha anakhalako ku Malawi ndi ku Zambia komwe, ndipo ankadziwa malamulo a mbali zonse. Bambo anali okonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Manja awo ankanunkha girisi ndi guluu wamachubu ngakhale atasamba. Analibe wenzulo. Anatenga belu la njinga, kulimangirira pa kachidutswa ka handulo, n'kumaliimba ndi chala chachikulu. Kamodzi, chigoli. Kawiri, wafa.

Koma bambo anali ndi chibwibwi. Ndinene zoona, ine ndinkachita nacho manyazi. Liwu limodzi linkawatengera nthawi, mutu ukugwedezeka, maso atatsinzina, ndipo ndinkaona anzanga akugwira pakamwa. Munthu wotereyo kumuika pakati pa a Sakala ndi apulofesola Rosa, ine ndinkangoti amuika kuti amuseke.

Loweruka loyamba, masewera asanayambe, bambo anaitana aphunzitsi onse awiri. Anagwira malaya awo, kenako anagwira khungu la pa mkono wawo, n'kunena kuti pa bwalo lino chovala ndi thupi. Mpira ukakhudza siketi, mwana wafa. A Sakala anatulutsa kabuku, bambo anangodikira mpaka kabuku kanabwerera m'thumba. Nkhani inathera pomwepo.

Bambo anali ndi njira zawo ziwiri. Yoyamba, aphunzitsi akayamba kukangana, bambo sankayankha. Ankatola mpira, kuuika m'chipewa chawo, n'kukhala pansi pakati pa bwalo, miyendo atatambalala. Popanda mpira palibe masewera. A Sakala ankatha kulalata, kuponya manja, kutchula Chipata ndi Katete, koma pamapeto pake ankaona ana makumi awiri atangoima akuwayang'ana, mawu n'kuwathera okha. Pamenepo bambo ankadzuka, kusasa fumbi pa thalauza, n'kuimba belu.

Yachiwiri ndi imene inandigwetsa ine. Bambo akakhala kuti sanaone bwino, sankanamizira kuti aona. Ankaitana mwana amene wagendedwayo n'kumufunsa ngati mpira wamukhudza. Chimene mwanayo wanena, ndi chomwecho. A Sakala ankati uku ndi kusewera, mwana angadziphe yekha bwanji. Koma zinkatheka. Mwana ankaima pamaso pa munthu amene wavutika chonchija kuti atulutse funso limodzi, ndipo bodza linkakanika kutuluka. Ndinaona ndi maso anga atsikana a ku Nsadzo akunena okha kuti afa, aphunzitsi awo akutafuna mano.

Kutatsala Loweruka limodzi kuti masewera athe, apulofesola Rosa anandituma kukatenga choko ku ofesi. Ndili pakhomo ndinamva mawu a a Sakala mkatimo. Anali atabwera pa njinga kudzaonana ndi akulu a shikola yathu. Ankanena kuti chaka chamawa pafunika woyimbira wina, munthu wotha kulankhula, ndipo sizoona kuti bambo aziyimbira masewera amene mwana wawo akusewera. Anati iwo akungodikira tsiku limodzi loti kukondera kuonekere poyera. Akulu a shikola sanawatsutse. Anangoti aona Loweruka likubwerali.

Sindinauze munthu. Kunyumba ndinkawayang'ana bambo akupukuta belu lija ndi kansanza, akulithira kadontho ka oyilo. Kuchokera pamene anayamba kuyimbira, anthu odutsa pa msika ankawapatsa moni wina. Amene kale ankangosiya njinga n'kumalizitsa okha mawu a bambo chifukwa chosafuna kudikira, tsopano ankaima n'kumvetsera mpaka bambo atamaliza. Ndinali mwana, koma chimenecho ndinkachiona.

Loweruka lomaliza kunali mphepo. Anthu anabwera ambiri, amayi atakhala pa zitenje m'mphepete mwa bwalo, abambo atatsamira njinga zawo. Utsi wa lupsa unkadutsa cha kumadzulo, dzuwa likuoneka lofiira ngakhale kunali masana. Titafika kumapeto tinkatsalira ndi chigoli chimodzi, ndipo omenya tinatsala awiri: mnzanga wapamtima Luzia, amene anali ataima kale pa mwala wachitatu, ndi ine. Luzia akalowa tifanana, ine ndikalowa tapambana.

Ndinaumenya bwino mpira uja, unapita mpaka ku chulu. Luzia analowa, belu linalira kamodzi. Ine ndinadutsa mwala woyamba, wachiwiri, wachitatu, mapazi akupsa ndi nthaka youma. Nditatsala pang'ono kufika, mtsikana wa ku Nsadzo dzina lake Esinta anagenda. Nthawi yomweyo mphepo inanyamula fumbi pabwalo, bambo anatseka maso. Mpira unadutsa kuseri kwa mawondo anga. Ndinamva kamphepo kake, koma sunandikhudze. Sunakhudze mwendo, sunakhudze siketi. Ndikulemba pano ndikutsimikiza ngati mmene ndikudziwira dzina langa.

A Sakala analowa m'bwalo akuthamanga, akukuwa kuti ndafa. Apulofesola Rosa anawatsatira, akuti mwana walowa bwinobwino, aliyense waona. Kabuku kanatuluka. Bambo anatola mpira, kuuika m'chipewa, n'kukhala pansi. Tsiku limenelo mkangano unatalika. Anthu a m'mphepete analowererapo, wina anatchula za amene anathawa nkhondo ndi amene anatsala, ndipo amayi ena anayamba kumanga ana kumsana. Bambo anangokhala, akuyang'ana zala za kumapazi kwawo, mpaka phokoso linatsika. Kenako anadzuka n'kundikodola.

"Me-Mena," anatero, "wa-wa-wakukhudza?"

A Sakala anaseka, n'kutembenukira kwa anthu. "Mwaonatu. Bambo akufunsa mwana wawo ngati akufuna kupambana. Atsikana, tengani zanu tizipita."

Ndinayang'ana cha kumtengo kumene anakhala akulu a shikola. Anali ataimirira. Ndinayang'ana belu m'dzanja la bambo, chala chawo chakuda ndi girisi chili pamenepo. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha: ndikanena zoona, palibe amene akhulupirire, ndipo belu limeneli salimvanso pabwalo pano.

"Wandikhudza," ndinatero. "Pa siketi."

Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindinathe kuwayang'ana m'maso, ndinkayang'ana batani la malaya awo. Kenako belu linalira kawiri. Masewera anathera pofanana, ndipo popeza a ku Nsadzo anali atapambana masewera ambiri kuposa ife, chaka chinali chawo.

A Sakala anabweza kabuku m'thumba, anavula kapusi, n'kupita kukagwira dzanja la bambo ndi manja awiri. Anati, "A Banda, ndakulakwirani. Mwana ameneyu mwalera." Amayi ena analulutira. Esinta, amene anagenda uja, sanasangalale ndi anzake. Anangoima akukumba pansi ndi chala cha kuphazi, chifukwa iye ankadziwa kumene mpira wake unadutsa.

Luzia nayenso ankadziwa. Anali ataima pafupi ndi mwala womaliza ndipo anaona zonse. Anandipeza ndikutola nsapato zanga, nandiuza motsitsa mawu kuti mpira sunandikhudze, ndipo ndawagulitsa. Sanaulule kwa aliyense, koma sanandilankhulenso mpaka mvula inagwa. Atsikana khumi anathamanga nyengo yonse ija ndi mapazi ong'aluka, ine n'kupereka chipambano chawo popanda kuwafunsa. Chimenechi sindichichepetsa.

Pobwerera kunyumba bambo anandikweza pa kaliyala. Tinadutsa m'minda ya mapesi, tcheni chikulira. Titayandikira kwathu anatsika pa chitunda, n'kumakankha njinga ine ndili pomwepo. Ndiye ananena, osatembenuka, kuti siketi yangayo yafupika kwambiri, mawondo onse ali pamtunda, amayi andisokere ina. Ndinangoti chabwino. Ndinasangalala kuti ndipeza siketi yatsopano.

Bambo anayimbira masewera amenewo zaka zambiri pambuyo pake, mpaka maso anayamba kuwavuta. A Sakala anasanduka mnzawo, ankabweretsa njinga yawo kuchokera kutali kuja kuti bambo okha ndiwo aikonze, ndipo pabwalo ankakanganabe, koma mpira ukalowa m'chipewa ankayamba okha kuseka. Lamulo lofunsa mwana lidakalipo. Ndamva kuti ngakhale ana osewera okha kumudzi, popanda wamkulu, amafunsana choncho.

Ine ndinapitiriza maphunziro, ndinakatenga satifiketi ya uphunzitsi ku Tete, ndipo pano ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu, Joana. Tikapita ku Mualadzi, agogo ake amamukhazika pamwendo n'kumuuza, pang'onopang'ono monga amalankhulira, za tsiku limene amayi ake ananena zoona ngakhale zinali zowawa. Ine ndimapeza chochita kuseri kwa nyumba.

Mwezi wathawu Joana anapsa chala pa mbaula. Ndinathamangira komweko, chifukwa ine ndi mayi wamantha, kanthu kakang'ono ndimaona maliro. Mwanayo anayang'ana nkhope yanga, misozi ili m'maso, n'kunena kuti, "Sizikuwawa, amama." Chala chikutupa ndikuona. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinazindikira kuti mwana wanga wayamba kale kundisamala ndi bodza, ndipo palibe amene anamuphunzitsa. Ndinamuuza kuti zikawawa azinena, ine ndi wamkulu, ndipirira. Analira kwambiri, ndipo ine ndinamva bwino kuti walira.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti bambo akakhala pansi pakati pa bwalo ndiye kuti agonja, mawu awakanika, ndipo pafunika wina awapulumutse. Pano ndimaona kuti pabwalo lonse lija munthu amene sankaopa phokoso anali iwo okha. Mwina ndikananena zoona akanaimba belu kamodzi, n'kukhalanso pansi mpaka a Sakala atatopa. Mwinanso akanawalanda belulo, sindidziwa. Ndipo za siketi zija ndinazimvetsa ndili kale ndi mwana kumsana: mpira umene unadutsa kuseri kwa mawondo sukanakhudza nsalu imene inkathera pamwamba pa mawondo. Ngati ankatanthauza zimenezo, ndiye kuti akhala akudziwa zaka zonsezi, ndipo anasunga lamulo lawo lomwe, loti chimene mwana wanena ndi chomwecho, ngakhale mwanayo anali wawo.

Mwezi wamawa tikupita kumudzi. Ndaganiza zokakhala nawo pansi pa mtengo wa mango n'kuwauza, Joana ali pomwepo akumva. Sindikuopanso kwambiri ngati kale. Koma ndisanapite ndikufuna ndimve kwa inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amene munakhalapo ana a munthu amene anthu ankamuseka. Tsiku lija pabwalo, ndinachita bwino kodi?